Ukwati wa Nandolo

Mukafika kwathu, kuseri kwa Namitambo, n'kufunsa za ukwati wa mng'ono wanga, palibe amene angakuuzeni za diresi lake kapena za kwaya imene inaimba. Angoseka n'kunena kuti, "Ooo, mukunena ukwati wa nandolo uja?" Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa diresilo ndinasoka ndine ndi manja angawa, ndipo linali diresi ndithu. Koma anthu akumudzi akakupatsa dzina, basi, ulibe kokadandaula.

Mudzi wathu unagawika ndi kamtsinje kamene kamaphwa chilimwe chikafika. Tsidya lino ndife Akhristu, ambiri Alomwe. Tsidya linalo kuli Asilamu, Ayao, ndi kamzikiti kawo kamalata. Mjigo ndi umodzi, chigayo ndi chimodzi, maliro timalira limodzi. Ndiye pali lamulo limene palibe amene analikhazikitsa koma aliyense amalidziwa. Pakakhala ukwati, chinkhoswe kapena maliro tsidya lino, Mkhristu sagwira mpeni pakhosi pa chiweto. Timaitana Msilamu kuti adzazinge. Iye amagoneka chiwetocho moyang'anitsa kumpoto, amatchula dzina la Mulungu, kenako n'kucheka. Akatero, aliyense amadya. Akapanda kutero, theka la mudzi limakhala pamphasa manja ali m'miyendo, kuonerera anzawo akutafuna.

Pakhomo pathu ankatizingira bambo wina wamtali, wosalankhulalankhula, amene ife ana tinkangowatchula kuti abambo a kutsidya. Akazi awo, amayi a kutsidya, ndiwo anali anzawo a amayi anga, a ponda apa nane mpondepo. Koma chinzake chimenechi sichinachite kugwa kumwamba.

Banjali litangosamukira kutsidyako, ine ndili wamng'ono, amayi a kutsidya sankalandira ngakhale madzi akumwa pakhomo pathu. Ankakana mwaulemu, akuwomba m'manja, koma kukana kunali kukana. Ndipo anali ndi chifukwa. Abambo anga ankaweta nkhumba, ndipo alongo anga ankati akabwera ndi mbewa kuchokera kutchire, ankaphikira mumphika uliwonse umene aupeza pafupi. Amayi poyamba anakwiya. Ndinawamva akung'ung'udza kuti, "Kodi madzi angawa ali ndi mchira?" Koma tsiku lina anapita kumsika ku Namitambo n'kubwerako ndi poto watsopano, mbale zingapo ndi kapu. Anazimangirira kudenga m'nyumba mwawo, natisonkhanitsa tonse.

"Poto uyu sadzaona nkhumba, sadzaona mbewa. Amene adzamugwire popanda ine, adzandidziwa kuti ndine ndani."

Ife tinkawadziwa kale kuti ndi ndani, ndiye palibe anamugwira.

Ngakhale zinali choncho, amayi a kutsidya ankafunsabe. Ukawaikira chakudya, dzanja lisanalowe m'madzi osamba, funso linkayamba. "Achemwali, mwaphikira muti?" Ikakhala nkhuku, "Achemwali, wazinga ndani?" Ine zinkandinyansa. Munthu wakuphikira, wakugwadira, iwe n'kumamufunsa ngati wapolisi! Koma amayi ankayankha nthawi iliyonse, osatopa, osasintha nkhope. Nthawi zina ankachita kulowa m'nyumba kukatenga potoyo kuti amuone.

Zinatenga zaka. Kenako tsiku lina, awiriwo atachokera kopalira limodzi, amayi anaika nkhuku pamphasa. Amayi a kutsidya anali pakati pa nkhani ya mbuzi ya munthu wina imene inawadyera chinangwa. Anasamba m'manja akulankhula, anatenga nthuli akulankhula, anadya mpaka kumaliza nkhani ya mbuziyo. Amayi ananyamuka ngati akukatenga mchere. Ine ndinawatsatira, ndipo ndinawapeza kuseri kwa khitchini akuvina okhaokha, opanda ng'oma, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, mwatani?"

"Sanafunse! Wamva iwe? Lero sanafunse!"

Ndinkaganiza kuti mutu wawasokonekera. Amayi sanali munthu wolalikira. Lachinayi ankavala yunifomu yawo n'kupita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, nyimbo ankaimba mokweza kuposa aliyense ndiponso mosocheretsa anzawo, koma vesi ukawafunsa ankangokuuza kuti lili m'katikati mwa Baibulo. Chimene ankanena kawirikawiri chinali chakuti mlendo akadya pakhomo pako mosaopa, ndiye kuti Ambuye nawonso adya. Kuyambira tsiku limenelo amayi a kutsidya sanafunsenso, ndipo amayi ankachisunga chimenechi mumtima kuposa china chilichonse chimene anali nacho.

Tsopano tibwere ku ukwati uja.

Abambo anali atamwalira, nkhumba zitatha kalekale. Mng'ono wanga anapeza mwamuna wa ku Ntcheu, mphunzitsi, mnyamata wofatsa amene mpaka lero sindinamupeze chifukwa. Nkhoswe wathu anali atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Anagula mbuzi ziwiri zonenepa n'kuzimangirira pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Amayi ankati akadutsa pamtengopo ankazilankhula mbuzizo. Nyama ya mbuzi ankaikonda koopsa, makamaka nthumbwana, ndipo sabata yonse ankatiuza mmene adzadyere. Pangano linali loti abambo a kutsidya akatuluka mumzikiti kupemphera kwa m'mawa Loweruka, abwere ndi mpeni wawo.

Abale a mkwati anafika Lachisanu madzulo ndipo amuna anagona kwa atsibweni, nyumba yoyandikana ndi yathu. Loweruka ndinadzuka m'bandakucha kuti ndikoleze makala a simbi yositira diresi. Nditazungulira kuseri, mayo ine! Mbuzi zonse ziwiri zili lende pamtengo wa mango, zosendasenda, zikopa zili pansi. Amalume ake a mkwati, amuna atatu a misinkhu yawo, anali atavula malaya, atakoleza kamoto, akuwotcha chiwindi. Mmodzi anandimwetulira mano onse panja.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Tinati tikupepuzeniko ntchito. Ife kwathu mlendo wamwamuna sagona mpaka dzuwa kutuluka mbuzi ikulira panja."

Anthu aja sanalakwe dala. Kumudzi kwawo kulibe mzikiti, ndipo munthu wa ku Ntcheu kumuonetsa mbuzi ndi mpeni n'kumuyembekeza kuti akhale pansi, ndi kumuzunza. Ankafuna kutionetsa kuti mwana wathu akupita kwa anthu olimbikira ntchito. Izi ndikuzinena lero. Tsiku limenelo pakamwa panga panatuluka zina. Ndinayamba ndi "Wakutumani ndani?" ndipo ndikanafika patali amayi akanapanda kutulukira n'kunditsina pamkono mpaka khungu kusupuka. Anawathokoza alendowo, mawu ali bwinobwino, kenako anandikokera kuseri kwa khitchini. Atsibweni anatipeza komweko, mng'ono wanga ali pambuyo pawo, mutu uli mumpango, maso atatupa kale.

Atsibweni anali atalikonza kale bodza lake, ndipo linali losalala.

"Achemwali, palibe wa kutsidya amene waona. Ine ndithamange ndikakumane nawo bambo aja panjira. Ndikawauza kuti amene anatigulitsa mbuzi uja, pajatu ndi Msilamu, anabwera yekha m'mamawa n'kuzinga. Nkhani yathera pomwepo. Mbuzi ndi mbuzi, magazi atuluka, Mulungu ndi mmodzi. Alendo ndiwauza atseke pakamwa."

Musawaone ngati munthu woipa atsibweni. Ankaopa manyazi. Ankaona alendo ochokera kutali akunyozeka tsiku loyamba, ankaona theka la anthu likubweza mbale pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo. Kugula mbuzi ina sikukanatheka, tinali titakokota kale paliponse. Mng'ono wanga anagwada pansi.

"Amayi, chonde, lero lokha. Musandichititse manyazi kwa apongozi anga."

Amayi anatembenukira kwa atsibweni. Analankhula motsitsa.

"Achimwene, bodzalo inu mulinena kamodzi m'mawa uno. Nanga ine? Mayi uja azibwera pano, ndizimuikira chakudya, iye azisamba m'manja osafunsa. Ndizimuyang'ana bwanji? Iye anasiya kufunsa chifukwa anandisiyira ine kuti ndizimufunsira."

"Ndiye mukufuna mwanayu alire tsiku la ukwati wake?"

"Alira lero, mawa atonthola. Koma ndikamudyetsa mnzanga chimene Mulungu wake anamuletsa, iye osadziwa, kenako n'kuvala mpango woyera kukakhala kutsogolo m'tchalitchi, amene ndikukamunamiza kumeneko ndi ndani?"

Atsibweni anamenya chipewa pabondo n'kuchoka. Amayi anamanga chitenje n'kulowera kumtsinje, ine pambuyo.

Tinakumana nawo pamchenga penipeni. Abambo a kutsidya anali patsogolo, mpeni atakulunga m'kansalu. Akazi awo anali pambuyo, atasenza chipoto chachikulu chimene tinabwereka. Amayi anagwada pamchengapo, mayi wa mkwatibwi, tsiku la ukwati, n'kunena zonse mmene zinachitikira, osachotsera, osanyoza alendo.

Abambo aja anangoti, "Ayi, zachitika," n'kumayang'ana mpeni wawo. Koma akazi awo anatula poto pansi mwamphamvu.

"Achemwali, ndiye mwanditani? Ine ndauza mudzi wonse. Ndaitana ndi abale anga a ku Likoswe, ena afika dzulo ndi ana. Ndawauza kuti kwa mnzanga kuli mbuzi. Ndiye akadya chiyani anthu amenewa? Mphepo?"

Anakwiya zenizeni, ndipo ine mumtima ndinati, mwaona amayi, choonadi chanucho ndi chimenechi. Amayi sanadzuke.

"Nandolo ndili naye thumba lathunthu. Nkhuku zanga zilipo, ndi zochepa koma zilipo. Ngati abambo angalole, azinge zonse."

Amayi a kutsidya anawayang'ana, akupuma mwamphamvu. Kenako anati, "Dzukani apa, mukudetsa chitenje. Nandolo wouma sapsa ndi kugwada." Anasenzanso poto wawo n'kutidutsa, kulowera kwathu.

Nkhuku zinazingidwa zonse, ngakhale thadzi limene linali litangoyamba kuikira. Tinaika mafuwa ena patali ndi pamene pankaphikidwa mbuzi. Amayi anatsitsa poto wa kudenga uja kuti muphikidwe nkhuku, nandolo analowa m'chipoto cha kutsidya. Amayi a Lachinayi ndi amayi a kumzikiti anakhala bwalo limodzi ndi malichero, kusankha nandolo mothamanga, kwinaku akutukwana nkhuni zaziwisi. Ine diresi ndinasita mochedwa, ndipo kutchalitchi tinafika abusa atayamba kuyang'ana kumsewu.

Chovuta china chinali kuwauza alendo. Amayi anawatengera pambali asewere awo, amayi a mkwati, n'kuwafotokozera. Iwo anamva, ngakhale nkhope inagwa. Koma mmodzi wa amalume aja, yemwe anandimwetulira uja, zinamulowa mumtima.

"Ndiye kuti manja athu ndi odetsedwa? Tayenda ulendo wonsewu kudzauzidwa kuti sitidziwa kupha mbuzi?"

Anakakhala pansi pa mtengo payekha, ndipo tsiku lonse sanavine.

Nthawi ya chakudya, atsibweni anakana kulengeza. Anaimirira ndi mkulu wina wa mpingo, wokalamba, n'kunena mosazungulira kuti nyama ya mbuzi yazingidwa ndi Akhristu, ndipo abale athu a kutsidya awakonzera nkhuku ndi nandolo mbali inayo. Kunamveka kung'ung'udza. Nkhuku ija inathera kwa madoda, amayi ndi ana anangomva fungo. Anyamata ena a kutsidya anadzuka n'kumapita, mmodzi akunena mokweza kuti nandolo ali naye kwawo. Akhristu ena, Mulungu awakhululukire, anakondwa poyera chifukwa nthuli zinachuluka. Mng'ono wanga anali kutsogolo m'diresi langa lija, akumwetulira ndi pakamwa pokha.

Mayi wa mkwatibwi amakhala ndi mpando wake kutsogolo, ndipo mbale yake imabwera yodzaza. Ya amayi inabwera ndi nthumbwana pamwamba, zomwe ankazilota sabata yonse zija. Anaiyang'ana, anaikankhira kwa asewere awo, n'kunyamuka. Anadutsa bwalo lonse anthu akuwaona, nakakhala pamphasa pakati pa amayi a kutsidya, miyendo tambalale, chitenje chatsopano chili m'fumbi. Anapempha mpunga ndi nandolo.

"Achemwali, pitani mukadye nyama yanu," anatero amayi a kutsidya. "Inu sikukuletsani."

"Dzino likundiwawa."

"Liti?"

"Ili. Kapena ili. Onse."

Limeneli ndilo bodza lokhalo limene amayi ananena tsiku limenelo, ndipo palibe amene analikhulupirira. Amayi a kutsidya anaseka mpaka kutsamwa, anawamenya paphewa, kenako awiriwo anadya mbale imodzi. Ine ndinali nditaima ndi ndowa ya madzi osamba m'manja, ndipo ukali wonse umene ndinali nawo kuyambira m'mawa unandithera pomwepo. Ndinawanyadira amayi anga, ndipo ndinawamvera chisoni chifukwa cha nthumbwana zija.

Musaganize kuti zonse zinakoma kuyambira pamenepo. Atsibweni sanaponde pakhomo pathu mpaka mvula inagwa n'kusiya. Mng'ono wanga anapita ku Ntcheu osawatsanzika bwino amayi, ndipo zinatenga mwana woyamba kuti ayambirenso kuseka limodzi. Dzina la ukwati wa nandolo linamera mizu. Ngakhale kutchalitchi alipo amene ankanena kuti amayi anaonjeza, kuti anaika anthu achipembedzo china patsogolo pa mwana wawo wobala yekha. Amayi akamva ankangoti, "Kaya, mwina," n'kupitiriza zimene akuchita. Chokhacho chimene chinandiseketsa n'chakuti amalume okwiya aja atabweranso kudzaona mwana, anafika ndi mbuzi yamoyo pachingwe. Anaimangirira pamtengo wa mango womwe uja, manja anaika kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Bambo wa mpeni uja alipo?"

Amayi anatisiya dzinja lapitalo. Anadwala pang'ono chabe. Abambo a kutsidya anali atatsogola kale zaka zingapo m'mbuyomo. Ine monga mwana wamkulu zonse zinagwera pamutu panga, bokosi, alendo, nkhuni, mvula ikugwa osalekeza. Zambiri za masiku amenewo sindizikumbuka bwino. Koma mwamuna wa mng'ono wanga atabwera ndi mbuzi, ndikukumbuka kuti ndinadzuka pakati pa anthu olira, ndinatuluka panja, n'kutuma munthu kutsidya kukaitana mwana wamwamuna wa malemu abambo aja. Anabwera ndi mpeni wa bambo ake, m'kansalu. Poto wa kudenga ndinamutsitsa ndekha. Anali atada, chogwirira chimodzi chitathyoka.

Amayi a kutsidya anali m'siwa kuyambira tsiku loyamba. Anali atakalamba kwambiri, maso atachita khungu, kuyenda mochita kuwagwira. Nyimbo zathu sankaimba, koma ankagwedezeka nazo, dzanja lili pabokosi. Chakudya chilichonse chimene ankawapatsa ankabweza. Titabwerako kumanda, ndinawapeza atakhala pakhonde, pamalo pomwe ankakhala ndi amayi. Pambali pawo panali mpongozi wawo, mtsikana amene anali atangokwatiwa kumene m'mudzimo, wochokera kutali.

Ndinapakula nyama m'poto uja, ndinatenga madzi, n'kukagwada patsogolo pawo.

"Amayi, idyaniko pang'ono. Mnzanu sakanalola kuti muchoke pano ndi njala."

Mtsikana uja anawerama n'kuwanong'oneza, koma ndinamva. "Amayi, tifunse kaye kuti wazinga ndani."

Sanalakwe mwanayo, anachita zimene anaphunzitsidwa. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti wazinga ndi mwana wawo yemwe, kuti poto ndi yemwe uja. Ndinangoti, "Wazinga ndi..." Amayi a kutsidya anakweza dzanja.

"Iwe, ndakufunsa ine?"

Ndinatseka pakamwa. Iwo anatembenukira kwa mpongozi wawo.

"Mwananga, pakhomo pano sitifunsa."

Anafufuza beseni ndi dzanja, anasamba, anapapasa m'mbale mpaka anapeza nthuli. Anatafuna pang'onopang'ono ndi mano ochepa amene anatsala, misozi ikutsikira m'makwinya. Kenako anakankhira mbale kwa mtsikana uja kuti nayenso adye.

Pa maliro onse ndinali ndisanalire bwino, ntchito inandichulukira. Ndinanyamuka ngati ndikukatenga mchere. Kuseri kwa khitchini kunalibe munthu, ndipo ndinakhala pansi pamatope pomwe amayi anavina paja, n'kulira mpaka mng'ono wanga anabwera kudzandidzutsa.